Za kamera yojambula zilombo kumunda ija

Achimwene, mwafunsa kamera yoti mugule kuti muone chimene chikufukula chinangwa chanu usiku ku Likhubula, komanso chifukwa chake ya mnzanu imangojambula mchira. Za zotumiza zithunzi pa foni zija ayankhe ena, ine ndinena za mchirawo.

Kamerayi siyang'ana usiku wonse ayi, imakhala ili mtulo kuti mabatire asathe msanga. Chimene chimakhala maso ndi kachipangizo ka PIR, kuseri kwa kapulasitiki kali kutsogoloko. Kamamva kutentha kwa thupi la nyama ikamadutsa, ndiye kamadzutsa kamera. Nthawi yochokera podzuka mpaka pojambula ndi imene pakatoni amalemba kuti trigger speed. Zabwino zimatenga sekondi 0.2 mpaka 0.5, zotchipa zina zimapyola sekondi yathunthu, ndipo mukaika pa vidiyo zambiri zimachedwerako. Nguluwe yothamanga singakudikireni.

Amene akukuuzani kuti muyang'ane ma megapixel aja, pepani, chithunzi chowala cha tchire lopanda nyama mupita nacho kuti?

Ine ndinagulapo yotchipa pa intaneti, cha m'ma dola 30, pakatoni atalemba 0.3. Bodza lenileni. Nungu inkadya chinangwa usiku uliwonse, koma m'khadi losungira zithunzi ndinkangopeza minga yake m'mphepete mwa chithunzi. Choipitsitsa, ikajambula kamodzi inkayamba yapuma kaye, gulu lonse la anyani n'kudutsa, chithunzi chimodzi basi. Itabwera chiperoni, nkhungu inalowa mkati, galasi n'kuchita mbuu, osabwereranso. Ndiye zopanda dzina zija musayerekeze. Za makampani a Browning kapena Bushnell zimayambira cha m'ma dola 100 kupita m'mwamba, osawerengera zotumizira ndi msonkho. Mufunsenso recovery time, ndiyo nthawi yopuma ija isanajambulenso, ogulitsa sakonda kuitchula.

Komatu ngakhale yodula imachedwa ikaikidwa molakwika. PIR imamva bwino nyama yodutsa chopingasa. Yobwera molunjika imaizindikira itafika kale pafupi. Choncho imangeni cham'mbali mwa kanjira kamene zimadzera, mopendeketsa pang'ono kuti ione kanjirako motalika, pamsinkhu wa bondo. Isayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, dzuwa limaipusitsa. Udzu wa patsogolo pake tchetchani, apo ayi mphepo ikamaugwedeza padzuwa khadi lidzadza ndi zithunzi za udzu. Mu Okutobala masana, miyala ndi nthaka zikatentha kufanana ndi thupi la nyani, kamera imatha kumuphonya ali pafupi pomwepo. Usiku kozizira imagwira bwino kwambiri, ndiye inu za nguluwe ndi nungu muli ndi mwayi.

Mabatire a pagolosale aja amafooka msanga, zithunzi za usiku n'kuyamba kuda. A lithium ndi okwera mtengo koma amakhalitsa. Otchaja amatulutsa 1.2V m'malo mwa 1.5V, ndipo makamera ena sagwirizana nawo. Khadi likhale la Class 10, losunga zithunzi mofulumira, ndipo ponyanimo kapaketi ka silica kaja kamabwera m'katoni ya nsapato, kaziyamwa chinyontho.

Pogula nenani kuti mukufuna no glow, yomwe kuwala kwake sikuoneka usiku. Zinazo zimayatsa timagetsi tofiira usiku, ndipo ngati wofukula chinangwayo ali wamiyendo iwiri, anyamula ndi kamera yomwe.