Mwana wanga akufuna kusiya ntchito kuti ajambule filimu yakeyake

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba kuti mwana wawo wamkazi, yemwe anaphunzira za zisudzo ku Zomba, watha chaka akugwira ntchito pakampani yojambula mauthenga a malonda ndi mapulogalamu a pawailesi ya kanema, koma tsopano akufuna kusiya kuti akhale produsa woima payekha. Akufunsa ngati n'kwanzeru kumuloleza.

Mayi, ine ndikuti asasiye kaye, ndipo chifukwa changa si malipiro a pamwezi okha. Produsa si munthu wogwira kamera ayi. Iye ndi amene amasaka ndalama, amalemba anthu ntchito, amasainirana nawo migwirizano, ndipo filimu ikatha amaifunira msika. Tsiku lojambula ndi iye amene amayenera kudziwa kuti anthu 20 adya chiyani masana, kuti amfumu avomera kuti kamera zilowe m'mudzi mwawo, kuti mafuta a jenereta alipo magetsi akathima, ndiponso kuti ochita sewero abwerera bwanji kwawo mvula ikagwa usiku. Zimenezi siziphunziridwa bwino m'kalasi. Pakampani pamene ali lero akuziphunzira ndi ndalama za eni ake, ndipo akalakwitsa bajeti alipo omuwongolera. Akadzalakwitsa payekha, ngongole idzafika pakhomo panu.

Komatu maloto akewo musawapeputse. Mafilimu a Amalawi amene anatchuka kunja anachokera kwa anthu oima paokha. Joyce Mhango Chavula anapata mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yotchedwa Lilongwe, ndipo Shemu Joyah anapata mphotho yomweyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Bambo Joyah ntchito yawo ya maphunziro ndi yoyeza malo, ndipo nkhani yawo ikusonyeza kuti kukhala ndi ntchito ina sikuletsa munthu kupanga filimu yabwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mgwirizano wake wa ntchito, ndipo ndikupemphani kuti muuwerenge naye limodzi sabata ino. Makampani ena amalemba kuti chilichonse chimene wantchito wapanga ali pantchito, kapena ndi zipangizo zawo, ndi cha kampani. Mtsikana akhoza kulemba nkhani yake usiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kuikonza pa kompyuta ya kuofesi, mawa n'kuuzidwa kuti si yake. Choncho apemphe chilolezo cholembedwa chakuti angathe kujambula zake pa Loweruka ndi nthawi ya tchuthi, kamera ndi maikolofoni akabwereke kwina, ndipo apite ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, akafunse za umwini wa ntchito zake. Anzake omuthandiza, ngakhale akugwira mwaulere, asainirane nawo pepala lonena zimene aliyense adzapeze filimuyo ikagulidwa.

Ayambe ndi filimu ya mphindi 10 kapena 15, yochitikira pamalo amodzi ndi anthu ochepa, imene angailipire ndi ndalama zosunga pamalipiro ake. Ikatha, aitumize ku mipikisano ya mafilimu ndipo aigwiritse ntchito pofunsira malo ku MultiChoice Talent Factory ku Lusaka, komwe achinyamata a m'maiko a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Amalawi, amaphunzira kupanga mafilimu. Za kusiya ntchito mudzakambirane akadzakhala ndi filimu imodzi yomalizika, bajeti yolembedwa ya filimu yachiwiri, ndi munthu kapena bungwe limene lasaina kuti liikapo ndalama.