Zimene mayi amadya zimafika pa mtima wa mwana

Achemwali oyembekezera, apongozi anu akamati zimene mukudya zimafika pa mtima wa mwana sakunama: chakudya chanu, shuga ndi BP yanu panopa zimakhudza mtima wa mwanayo mpaka akadzakula. Majini ake (tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo) sasintha, koma ena amatsekeka, ena amatseguka, malinga ndi mmene akukhalira m'mimbamo. Madokotala amati epigenetics. Ku Netherlands, ana omwe anali m'mimba pa njala ya 1944 mpaka 1945 anadzadwala mtima kuposa anzawo atakula.

Ine pa mimba yachiwiri ndinkathyola tiyi kuno ku Thyolo, n'kumaswera kachinangwa kokha. Anamwino atandidzudzula ndinayamba kunyamula nyemba, usipa ndi nthochi.

Nkhope ndi manja zikatupa, mutu ukamawawa kwambiri kapena maso akamachita chidima, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni BP.