Foda ya pa netiweki ikupezeka yopanda kanthu m'mawa? Vuto ndi nthawi, achimwene

M'bale wathu wina wanditumizira imelo, akuti pa ofesi pawo ali ndi kompyuta ya Ubuntu, mafayilo amasunga pa NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki), akaimaunta pamanja, ndiko kuti kuilumikiza ku foda ya pa kompyutayo, zimatheka bwinobwino koma akayatsa m'mawa foda ija imakhala mbee, ndiye akufunsa kuti walakwitsa pati mu fstab, fayilo imene imauza kompyuta zoti imaunte ikamadzuka. Achimwene, nditawerenga imelo yanuyi ndinakhala kaye chete, chifukwa nkhani yomweyi inandisowetsapo tulo.

Alamu anga ali ndi kashopu kosindikiza, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, masatifiketi a kwaya, zoterozo. Ine ndi amene ndinawaikira makina, kumbuyo kompyuta yakale yokhala ndi Samba (pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki) kuti ikhale seva yosunga ntchito zonse, kutsogolo ina ya Linux Mint imene mtsikana wa pa kauntala amagwirirapo. Mzere wa mu fstab ndinalemba, ndinayesa, zinayenda, ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndiye tsiku lina magetsi anathima m'mawa monga mukudziwira kwathu kuno, atayaka zinthu zonse zinadzuka pamodzi, koma yakutsogoloyo ili ndi disiki yachangu ya SSD imadzuka msangamsanga pomwe yakumbuyo ndi nkhalamba imatenga mphindi zingapo, rauta nayo inali isanamalize kuphethira. Yakutsogolo inafuna seva, sinaipeze, inangosiya osanena kanthu n'kupitiriza.

Apa ndi pamene pali choopsa chimene anthu ambiri satchula. Foda imene mumamauntirapo ija imakhalapobe ngakhale seva kulibe, ndi foda wamba ya pa disiki ya kompyutayo basi. Mtsikana uja anatayipa pulogalamu ya maliro yonse, mbiri ya malemu, nyimbo, mayina a olankhula, zithunzi, n'kusunga momwemo osadziwa kuti sizikupita ku seva. Masana munthu wina anayatsanso kompyuta, ulendo uno seva inalumikizika, ndipo fayilo ija inaphimbika pansi. Anamfedwa akubwera kudzatenga, fayilo osaoneka. Alamu anandiimbira mawu akunjenjemera, mtsikana akulira kuti mwina wafufuta yekha, ine ndili pa minibasi. Nditafika ndinangopanga umount, lamulo lochotsa kulumikiza kwa seva pa foda, fayilo ili pompo sinapite kulikonse, koma nkhope za anthu aja ataima pakhonde kudikira sindidzaziiwala, ndipo mwana uja anakalipiridwa pa mlandu umene unali wanga.

Usiku umenewo ndinafufuza pa intaneti ndipo malangizo oyamba amene ndinapeza ndi aja akuti ikani sleep 60 kenako mount -a mu crontab pa @reboot, kutanthauza kuti kompyuta ikadzuka idikire masekondi 60 kenako imaunte zonse za mu fstab. Ndinachita, ndipo lero ndikukuuzani mosabisa kuti musayerekeze. Kumeneko n'kulosera. Tsiku limene seva idzachedwe masekondi 70 mwabwerera pomwe paja, mukakweza kufika 120 ndiye anthu azikhala manja lende kudikira foda tsiku lililonse, ndipo mkati mwa kudikirako foda yabodza ija ili chitsegukire aliyense akhoza kusungamo ntchito. Ena amati wonjezerani _netdev mu fstab, mawu ouza kompyuta kuti idikire netiweki, basi zatha, koma systemd, pulogalamu imene imadzutsa zinthu pa Linux, imadziwa kale kuti cifs, mtundu wa foda za Samba ndi NAS zimenezi, ndi ya pa netiweki, komanso kudikira kuti kompyuta yanu ipeze netiweki sikutanthauza kuti seva yadzuka, ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezi.

Pali enanso amene amandikwiyitsa kwambiri, chikangovuta chilichonse akuti lembani vers=1.0, kutanthauza kugwiritsa ntchito SMB1, njira yakale yogawira mafayilo pa netiweki. Inde nthawi zina zimalumikizadi, koma SMB1 ndi khomo lomwe vayirasi ya WannaCry inalowera mu 2017 n'kutseka makompyuta a zipatala ku Britain, ndipo ngakhale Microsoft eni akewo anasiya kuiyatsa yokha pa Windows zatsopano. Ngati NAS yanu imangodziwa SMB1 yokha ndiye lowani mu zosintha zake muyatse SMB2 kapena SMB3, osati kutsegulira akuba chitseko chifukwa choti kiyi akuvuta. Chimodzimodzi aja amalemba pasiwedi mu fstab momwemo, fayilo imeneyo aliyense wolowa pa kompyutayo amatha kuiwerenga, ndaonapo pa ofesi ina pasiwedi ya abwana ili poyera choncho ndipo inali yomweyo ya imelo yawo.

Musaiwalenso rauta. Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta ikhoza kupatsa NAS nambala ya IP ina (adiresi yake pa netiweki), dzulo inali 192.168.1.10 lero yakhala 192.168.1.14, inu n'kumalimbana ndi fstab tsiku lonse chonsecho mzere wanu ulibe vuto. Lowani mu rauta muisungire nambala imodzi yokhazikika. Ndipo mukamalemba mu fstab muzidekha, ine ndinalembapo cfis m'malo mwa cifs, kompyuta inaona ngati ndi disiki ya mkati imene yasowa n'kuima pa emergency mode osamaliza kudzuka, shopu yonse inaima m'mawa wonse.

Zochita zake

Ikani cifs-utils ndi sudo apt install cifs-utils. Pangani fayilo /root/.smbcred yokhala ndi mizere iwiri, username= ndi password=, muitseke ndi chmod 600 kuti ena asaiwerenge. Pangani foda /mnt/mafayilo, kenako mu /etc/fstab lembani izi pa mzere umodzi, koma muike nambala ya IP ya NAS yanu ndi dzina la foda yake:

//192.168.1.10/mafayilo /mnt/mafayilo cifs credentials=/root/.smbcred,uid=1000,gid=1000,nofail,x-systemd.automount 0 0

Chimene chinapulumutsa alamu anga ndi x-systemd.automount imeneyo. Kompyuta ikamadzuka sithamangiranso seva, imangoika mlonda pa foda, munthu akaitsegula koyamba m'pamene imalumikiza, ndipo seva ikakhala isanadzuke imamukaniza poyera m'malo momulola kusunga ntchito pamalo olakwika, akayesanso pakapita kanthawi imalowa. Ka uid=1000 ndi koti mafayilo akhale a munthu woyamba wa pa kompyutayo, tayipani id muone nambala yanu. Ngati dzina la foda ya pa NAS lili ndi mpata pakati, pamalo pa mpatapo lembani \040.

Mukamaliza pangani sudo systemctl daemon-reload, koma kuyesa kwenikweni ndi uku: zimitsani NAS, yatsaninso kompyuta, yesani kutsegula foda muone ikukanani, kenako yatsani NAS mudikire idzuke mutsegulenso. Ndipo musanayambe zonsezi pangani kaye umount muyang'ane mu foda yopanda kanthu ija, mwina muli ntchito za anzanu a pa ofesi zimene akhala akuzifuna kuyambira kalekale.