Kodi golide wa m'munda mwanga ndi wanga?

Funso: Ndapeza golide m'munda mwanga. Kodi ndingakumbe popanda chilolezo?

Yankho: Ayi ndithu. M'maiko ambiri miyala yamtengo wapatali ndi ya boma, ngakhale munda ukhale wanu. Yambani mwapempha laisensi ya mgodi waung'ono. Mukakhala pagulu lolembetsedwa, boma silivutika kukuphunzitsani ndi kukupezerani msika wovomerezeka.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chomwe chimagwirana ndi golide n'kupanga kambulunga. Ambiri amamusakaniza ndi mchenga wagolide, kenako n'kuwotcha kambulungako pasupuni, nkhope ili pompo. Nthunzi yakeyo imawononga ubongo ndi impso, ana osewera pafupi nawonso amaipuma. Pangano la Minamata la 2013 limafuna kuti maiko achepetse mekyule m'migodi ing'onoing'ono. Muziwotchera mu retort, kachitsulo kotseka komwe kamagwira nthunziyo.

Dzenje likazama, lichirikizeni ndi mizati, makamaka m'dzinja pomwe dothi lonyowa limagumuka mosachenjeza.