Timu ya ana yaitanidwa ku chionetsero cha Khirisimasi, ikachiteko chani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa kochi wa timu ya ana osapitirira zaka 14. Akuti komiti ya kudera kwawo ikukonza chionetsero cha Khirisimasi, mitengo yokongoletsedwa, timagetsi, makwaya, anthu azidzapereka kangachepe pakhomo ndipo ndalamazo zikathandiza mabanja ovutika. Timu yawo yaitanidwa. Koma makolo ena akuti timuyo ilibe mipira ndi majezi, bwanji gawo lina la ndalamazo libwere ku timu? Nanga anawo akachite chani kumeneko?

A kochi, pa ndalamapo ine ndikukana. Munthu akamaponya ndalama m'bokosi lolembedwa kuti za ovutika amakhala akudziwa komwe ikupita, ndiye mukatapapo olo pang'ono pokha kuti mugulire mipira mwamunamiza, cholinga chanu chikhale chabwino bwanji. Za mipira konzani tsiku lanulanu Khirisimasi ikapita, mulengeze poyera kuti izi ndi za timu. Anawonso muwauze za Juan Mata, wosewera mpira wa ku Spain, yemwe mu 2017 anayamba kupereka 1% ya malipiro ake kudzera ku bungwe lachifundo la Common Goal ndipo osewera ena anamutsatira, adziwe kuti wampira amaperekanso.

Chomwe sindikufuna n'chakuti anawo angovekedwa yunifomu n'kuimikidwa pambali pa mtengo madzulo onse kuti anthu aziti "ee akongola". Apatseni ntchito. Mtengo wa timu akongoletse okha ndi zinthu za kugiraundi, mipira yophulika, ukonde wakale wa pagolo, timajezi todula pa katoni tolembedwa manambala awo. Kenako pemphani malo muike kagolo kakang'ono, aliyense woponya kenakake m'bokosi amenye mapenate atatu goloboyi wanu ali pagolo, mudzaona azibambo akuvula majekete kubwerera pamzere kachiwiri. Kagoloko kakhale kutali ndi mababu ndi mitengo ya ena. Anawo azisinthana, ndipo oyamba akhale aja amakhalira pabenchi chaka chonse.

Pali china chomwe makomiti ambiri saganiza, ndipo ine chimandikhudza kwambiri. Mu timu mwanumo mutha kukhala mwana yemwe banja lake lili pa mndandanda wa olandira thandizolo. Mwana ameneyo asaone mayi ake akuitanidwa kutsogolo kukalandira jumbo anzake akuonerera, mafoni ali m'mwamba, chifukwa Lolemba lake ku tulening'i adzabwera ali ndi manyazi kapena sadzabweranso n'komwe. Kambiranani ndi komiti kuti kugawako kuchitike mwakachetechete tsiku lina, ana asakhalepo.

Nthambo za magetsi agwire ndi wamkulu, ndipo mababu a LED ndi abwinoko poti satentha ngati akale aja. Paliponse pali ana pakhale akuluakulu awiri, osati m'modzi. FIFA yomwe inatulutsa ndondomeko yoteteza ana pampira ya FIFA Guardians mu 2019, ndiye nkhani imeneyi musaipepuse. Zithunzi za ana musaike pa Facebook makolo asanavomere.

Bokosi la mapenate lija mutsegule muli awiri pamodzi ndi wa komiti, muwerenge, mulembe papepala onse musaine, ndipo tulening'i yotsatira anawo muwauze ndalama zomwe anapeza ndi komwe zapita.