Lie, lay, lain: mwagona kapena mwagoneka?

Funso: Akonzi, ndinalemba kuti "Yesterday I laid on the bed" ndipo aphunzitsi anadula mzere pansi pa "laid" n'kulembapo "lay". Kodi "lay" si nthawi yatsopano? Chonde ndithandizeni.

Yankho: Aphunzitsi anuwo sanalakwitse. Apa pali aneni awiri amene Chichewa chimawalekanitsa bwino lomwe, kugona ndi kugoneka, koma m'Chingerezi maonekedwe awo amalowana.

Kugona ndi "lie". Nthawi yakale yake ndi "lay", ndipo past participle, yomwe imatsatira "have", "has" kapena "had", ndi "lain". Kugoneka, kapena kuika chinthu pansi, ndi "lay", ndipo mbali ziwiri zinazo ndi "laid", "laid". Msampha uli pamenepa: liwu loti "lay" likugwira ntchito ziwiri. Ndi nthawi yakale ya kugona, komanso ndi nthawi yatsopano ya kugoneka.

Mukamalemba, yambani mwanena chiganizocho m'Chichewa chamumtima. Ngati munthu wagona yekha, palibe pamtherankhani (munthu kapena chinthu chimene ntchitoyo ikuchitikira), choncho lembani "I lay on the bed yesterday" kapena "The dog has lain there since morning". Ngati wagoneka wina kapena waika china chake, funso loti "wagoneka ndani?" kapena "waika chiyani?" limakhala ndi yankho: "She laid the baby on the bed". Mwanayo ndiye pamtherankhani. Nkhuku ikaikira dzira ndi chimodzimodzi: "The hen has laid an egg". N'chifukwa chake "I laid on the bed" imasiya wowerenga akudikira kuti mumuuze chimene munagoneka pabedipo.

Pali mneni wachitatu, "lie" wa kunama. Ameneyu alibe vuto, amangotenga "-d": "He lied", "He has lied". Wogona ndi wonama onse amalembedwa "lying", pomwe wogoneka ndi "laying".

Zolakwa ziwiri timaziona kawirikawiri. Choyamba ndi kulemba "layed"; kalembedwe kovomerezeka ndi "laid", monga "pay" amasandukira "paid". Chachiwiri chimabwera ndi "did". Liwu limeneli limanyamula kale nthawi yakale, ndiye mneni amakhala m'maonekedwe ake oyamba: "Did you lie down?" osati "Did you lay down?"

Tikudziwa kuti "lain" samveka kwambiri pocheza, ndipo ngakhale eni chiyankhulocho ambiri amati "lay down" pamene akutanthauza "lie down". Komabe pamayeso ndi m'kalata ya ntchito tsatirani lamulo, chifukwa wochonga amayang'ana zimenezi.

Njira yomweyi ikuthandizani pa aneni ena apachibale. "Rise", "rose", "risen" ndi kudzuka kapena kukwera, pomwe "raise", "raised", "raised" ndi kudzutsa kapena kukweza. "Fall", "fell", "fallen" ndi kugwa, koma kugwetsa mtengo ndi "fell", "felled", "felled".