Sikirini ikamathima muli pakati pa ntchito: kuyankha mayi wa ku Chibavi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Vuto lawo ndi ili: akangoweramira pepala la kasitomala kuti awerenge zolembedwa pamanja, kapena akatembenuka kukaika mapepala mu printa, sikirini ya laputopu imathima, ndipo akagwedeza mawusi imawafunsa pasiwedi. Mwana wa achimwene awo anawauza kuti angosankha Never kuti isamathimenso. Akufunsa ngati nzeru imeneyi ndi yabwino, komanso pamene angasinthire.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi pamene mungasinthire, chifukwa pamenepo sipovuta.

Ngati muli ndi Windows 10, dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows limodzi ndi chilembo I. Padzatseguka Settings. Pitani pa System, kenako Power & sleep. Pa Windows 11 njira ndi yomweyo, koma dzina lake ndi Power & battery, ndipo mudine pamene palembedwa za Screen ndi sleep. Mudzaona timabokosi tinayi. Tiwiri ndi ta sikirini, tiwiri ndi ta Sleep, ndipo pa gulu lililonse kamodzi kamanena za nthawi imene laputopu ili pa batire, kena za nthawi imene ili pa chaja. Nthawi zosankha zimayambira pa mphindi 1 mpaka maola 5, kumapeto kwake kuli Never uja.

Musanadine kalikonse, mumvetse kaye kuti pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu timaziika m'thumba limodzi n'kumati "kompyuta yathima". Choyamba ndi kuthima kwa sikirini yokha. Pamenepa makina amakhala akugwirabe ntchito, ali ngati munthu amene wangotsinzina koma ali maso. Chachiwiri ndi Sleep, kugona. Makina amaimitsa ntchito zonse, n'kusunga zimene munatsegula mu RAM, kachipangizo kamene kamakumbukira zinthu pokhapokha pali moto, pogwiritsa ntchito moto wochepa kwambiri. Chachitatu ndi loko, ija yofuna pasiwedi. Pa makompyuta ambiri pasiwedi imafunsidwa makina akamadzuka ku Sleep, choncho ndikuganiza kuti yanuyo ikugona msanga, osati kungothimitsa sikirini. Mwina wina anaika mphindi ziwiri kapena zitatu pa zonse.

Ine ndikanakhala pa mpando wanuwo ndikanaika motere. Pa chaja, sikirini izithima pakatha mphindi 15 kapena 20, Sleep pakatha ola limodzi. Pa batire, sikirini mphindi 5, Sleep mphindi 15. Mphindi 15 zikukwanirani kuwerenga tsamba lonse, ngakhale la munthu wolemba ngati nkhuku yapalasa, n'kubwererako ku printa sikirini ikuyakabe.

Tsopano za Never. Mnyamatayo sanalakwe kotheratu, chifukwa vuto lanu lidzathadi. Koma taganizani za tsiku limene magetsi athima masana, ana asukulu a ku Mzuni atafola ndi ma assignment awo. Pa laputopu, sikirini ili m'gulu la zinthu zimene zimadya batire kwambiri, makamaka ngati kuwala mwakukweza mpaka pamwamba. Mukaisiya ikuyaka pamene mukucheza ndi kasitomala kapena mwatuluka kukagula mapepala, mukuwotcha moto umene mukanamalizira nawo makalata awiri kapena atatu. Malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi akaunjika, mabatire ake anatopa kale kumene anachokera. Batire yotere imafuna kuisamala ngati madzi a m'ndowa tsiku limene mpopi wauma. Ndiye pa batire, Never ayi, ndikukupemphani. Pa chaja mukhoza kumuika pa Sleep yokha ngati pali chifukwa, mwachitsanzo pamene mukudawunilodi chinthu chachikulu usiku ndi bandulo. Sikirini ikathima dawunilodi imapitirira, koma makina akagona imaima, ndipo bandulo ya usiku ikhoza kutha nthawi inu musanapeze kanthu.

Chinanso chimene chimandikhudza kwambiri ndi loko ija ikukutopetsaniyo. M'kompyuta ya shopu ngati yanu mumakhala ma CV a anthu, zithunzi za zitupa zawo, makalata a ngongole, makalata a kukhoti, nthawi zina nkhani za m'banja zimene mwini wake anakuuzani monong'ona. Anthu amenewa anakukhulupirirani. Ndinaonapo ndi maso anga pa shopu ina m'tauni muno, mwini wake atatuluka pang'ono, mnyamata wodikira anakhala pa mpando n'kuyamba kutsegula mafayilo a anthu ena pongofuna kutaya nthawi. Sanabe kanthu, komabe anawerenga zimene sizinali zake. Choncho pasiwedi musaichotse. Zolowerani kudina batani la Windows limodzi ndi L nthawi iliyonse mukunyamuka. Kompyuta imatsekeka pompo, ntchito yanu imakhala momwe munaisiyira.

Ngati mwasintha zonsezi koma ikupitiriza kufunsa pasiwedi pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri, wolakwa akhoza kukhala screen saver, zithunzi zoyendayenda zimene zimabwera pa sikirini kompyuta ikakhala kanthawi osagwiridwa. Dinani Start, lembani screen saver, mutsegule Change screen saver. Muona kabokosi ka Wait kokhala ndi mphindi zake, ndi kena kolembedwa On resume, display logon screen. Kwezani mphindizo zifanane ndi za sikirini. Zithunzi zoyendayendazi zinapangidwira mamonita akale aja a chimsana chachikulu, amene chithunzi chikakhalitsa pamalo amodzi chinkasiya chipsera pa galasi. Sikirini wamba ya laputopu, ya LCD, sivutika choncho kawirikawiri, ndiye mutha kusankha None osadandaula.

Kwa owerenga amene muli ndi desikitopu, kompyuta ya pa tebulo yopanda batire, samalani ndi Sleep. Popeza zinthu zimasungidwa mu RAM, magetsi akathima makina ali mtulo mukhoza kutaya zonse zimene simunasunge. Dinani Ctrl ndi S musananyamuke. Kuli njira ina yotchedwa Hibernate, imene imalemba zonse pa disiki kenako n'kuzimitsa makina, kotero kuthima kwa magetsi sikuikhudza, kungoti imachedwerapo podzuka. Ndipo inu amene laputopu munapatsidwa ku ofesi, mukapeza timabokosi tija sitikulola kusintha, dziwani kuti a IT anatseka dala. Kawafunseni iwowo.

Mayi, mu imelo yanu simunanene kuti muli ndi Windows iti. Dinani batani la Windows ndi R, lembani winver, kenako Enter, idzakuuzani. Mukapeza kuti ndi Windows 7, njira yake ndi ya Control Panel, kenako Power Options, kenako Change plan settings, ndipo timabokosi take ndi tomwe tija. Ikakhala 7 kapena 10 mundilemberenso, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020 ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo pa kompyuta imene mumalowa mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku ndi tsiku, nkhani imeneyo tifunika kuikambirana payokha.